Nsungwi imene inapita ku Alemanya

Pa zinthu zonse zimene ndinalephera pa moyo wanga, ndipo si zochepa, chimene ndinachilephera mwaulemu kwambiri ndi sikola ya zaulimi. Kumeneko mayeso amachongera pa vinte, ndiko kuti makumi awiri, ndipo munthu amakhoza akapeza dezi, theka lake. Ine chaka choyamba ndinapeza sete, zisanu ndi ziwiri basi. Chaka chachiwiri ndinalimbikira koopsa, ndinapezanso sete. Apulofesolo anandiyamikira kuti ndine munthu wosasinthasintha, kenako anandilozera chipata.

Ndinabwerera kwathu ku Ntengo-Wambalame ndi nsapato, chipewa, ndi dzina limodzi la Chilatini limene linakanirira m'mutu.

A Bambo anali oluka. Nkhokwe, madengu, malichero, zonse zinkachokera m'manja mwawo, ndipo nsungwi zake ankadula kumunsi kwa dimba lathu la kachewere, pa phata lalikulu limene anabzala bambo awo m'mbali mwa khwawa. Poluka ankakhala ndi chikho cha madzi pambali. Nsungwi zowaza zikayamba kuuma, ankamwa madzi osameza, n'kuwapopera ndi pakamwa kuti pfuu! Kenako n'kupitiriza kuluka ndi kutukwana. Kutukwana ndiye inali ntchito yawo yachiwiri. Ine chibwerereni ku sikola anandipatsa dzina loti Injinyero, ndipo ankalitchula mogwira mtima ngati akulonjera bwanamkubwa.

Nkhondo inali itayamba kununkha kumapiri. Mnyamata wosakhala pa sikola ankatengedwa kupita ku tropa, ku usilikali, ndipo ine ndinali nditadziwa kale kuti munthu wopeza sete pa kubzala nyemba sangapeze zambiri pa kuwombera. Nditamva kuti ku Tsangano akulemba anyamata odziwa kuwerenga kuti akagwire ntchito ku Alemanya ya kum'mawa, ku Ulaya, ndinayenda wapansi kukalembetsa. Aka kanali koyamba kuti dzina langa lituluke pa pepala la okhoza.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, a Mayi akundimangira nyemba zokazinga, a Bambo anatulukira kuchokera kukhwawa ndi khasu paphewa. M'manja anali ndi kachitsa ka nsungwi, kamizu yake ndi mphukira imodzi, atakakulunga m'makoko a nthochi onyowa.

"Injinyero," anatero, "nsungwi simafa. Uidule, iphuka. Uiotche, ikuseka. Mbuzi yaikanika, chilala chaikanika. Koma iwe, ndi sete wakoyo, ndili ndi chikhulupiriro kuti ukhoza kuipha."

"Musiyeni mwana apite ndi mtendere," anatero a Mayi.

"Mtendere aupeza kumeneko. Awa ndi mayeso anga. Ukabwere nayo yamoyo."

Ndinailandira ndi manja awiri, monga mwana woleredwa bwino. Mumtima ndinalumbira kuti ngakhale ndife ine, chinthu ichi chidzabwerera ku Ntengo-Wambalame ndi masamba, kuti mkulu ameneyu adzameze mawu ake opanda ndiwo.

Inayenda m'sokosi. Ku Maputu, podikira ndege, ndinkaitulutsa kuseri kwa nyumba kuti ipume mphepo. Pokwera ndege ndinaika sokosiyo m'nsapato yakale, ndipo msilikali amene anatsegula chikwama changa ananunkhiza kamodzi n'kutseka mwaulemu.

Ku Alemanya anandiika mu fabirika ya nsalu. Mwana wa woluka madengu anawoloka nyanja kuti akaluke ndi makina. Makinawo ankasokosera moti tikaweruka tinkalankhulana mokuwa ngati tikukangana za malire a munda. Fumbi la thonje linkalowa m'mphuno, m'makutu, mpaka m'maloto. Chakudya chinali kachewere. Ndinathawa kachewere ku Tsangano, ndinakwera ndege usana ndi usiku, ndinakapeza kachewere akundidikira m'mbale. Nanga kuzizira? Ife a ku Tsangano timanyada kuti kuzizira timakudziwa, timaseka anthu a ku Tete akamanjenjemera mu Juni. Kumeneko ndinazindikira kuti chimene tili nacho kwathu si kuzizira ayi, ndi mphwake wa kuzizira.

Nsungwi panja sikanatha sabata. Motero inalowa m'nyumba, chinthu chimene kwathu sichichitika pokhapokha italukidwa kale kukhala lichero. Ndinapempha chitini chachikulu cha nkhaka kukhitchini ya fabirika, ndinachiboola pansi ndi msomali, ndinaika timiyala, kenako dothi la m'nkhalango losakaniza ndi mchenga ndi masamba owola. Ndinachikhazika pazenera la chipinda chathu m'chinyumba chogona antchito.

M'chipindamo ndinkagona ndi Fabiyao, mnyamata wa ku Furancungo, wamtali ngati mlongoti, amene ankaopa zinthu ziwiri zokha: mizimu ndi masitepe oyenda okha.

"Achimwene," anandifunsa, "anzathu akukongoletsa zipinda ndi zithunzi za akazi, inu mukukongoletsa ndi mzati wa nkhokwe?"

"Uyu ndi mlendo wa boma," ndinatero. "Umulankhule bwino."

Mlendoyo anandiphunzitsa zimene sikola inalephera. Madzi a pampopi a kumeneko ankanunkha mankhwala, ndipo nsonga za masamba zinkapsa nawo. Ndinaphunzira kuwatunga dzulo lake kuti agone m'ndowa, kapena kutchera a mvula, kapena kusungunula neve, madzi ouma aja ogwa ngati ufa. Ndinaphunzira kulowetsa chala m'dothi ndisanathirire, chifukwa nsungwi imakonda chinyezi koma imadana ndi kuima m'chithaphwi. Masamba akapindika ngati ndudu, ndiye kuti ili ndi ludzu. Akachita chikasu kuyambira pansi, ndiye kuti mwaimiza. Sabata iliyonse ndinkatembenuza chitini kuti mbali zonse zione kadzuwa kosauka ka kumeneko, apo ayi inkapendekera kuzenera ngati munthu wofuna kuthawa.

Mdani wamkulu chinali chitsulo chotenthetsa chipinda, chimene chinali pansi pa zenera lomwelo. Chinkaumitsa mpweya mpaka masamba ankachita phokoso ngati pepala. Ndinayesa kusuntha chitini, kuwala kunachepa. Tsiku lina m'mawa, ndikutsuka mkamwa, ndinakumbukira a Bambo. Ndinamwa madzi osameza, ndinaima patsogolo pa nsungwi: pfuu! Patatha masabata awiri masamba anatambasuka. Kuyambira pamenepo ndinkaipopera m'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito, ndipo popeza ndine mwana wa bambo wanga, ndinkaitukwanako pang'ono. "Iwe mwana wa khwawa, ukafa ndikupha."

Zaka zoyamba makalata ankabwera. Mlongo wanga Lusiya ndiye ankalemba. Ankanena kuti bulangete limene ndinatumiza lafika, a Mayi akufunda, a Bambo akuti ndi lopyapyala. Kumapeto kwa kalata iliyonse kunkakhala funso la a Bambo, losasintha: "Yafa?" Ine ndinkayankha ndi tsamba limodzi laliwisi m'kati mwa envulopu, popanda mawu.

Kenako inabwera kalata yaifupi. Mudzi wathu unali utathawa. Lusiya analemba kuti awoloka msewu wa malire, ali kumbali ya Malawi pamodzi ndi anthu a midzi yonse ya kwathu, nyumba zapsa. Funso la a Bambo munalibe. Itatha imeneyo sikunabwerenso ina.

Sindinali ndekha. M'khonde lathu lonse munkagona anyamata a ku Tsangano, a ku Macanga ndi a ku Angonia, ndipo makalata anauma kwa tonse nthawi imodzi. Tinkadutsa pa bokosi la makalata osayang'anamo, monga umadutsira pakhomo pa munthu amene anakukana. Lamulungu masana anyamata anayamba kubwera m'chipinda chathu popanda chifukwa chenicheni. Wina ankati akufuna singano, wina akufuna mchere. Ankakhala pabedi, maso pa nsungwi. Panthawiyo inali itafika m'chiuno mwa munthu, timapesi tisanu towonda. M'dziko lonselo, chinali chinthu chokhacho chamoyo chimene chinabadwira kwathu kupatula ifeyo.

Nthawi ya neve itabweranso, nsungwi inayamba kudwala. Masamba anachita chikasu, anayamba kuyoyoka. Dothi linali lonyowa ngakhale ndisanathirire, pamwamba pake nkhungu yoyera, ndi tizilombo touluka. Ndinasinkhasinkha ndi nzeru zonse za munthu wa sete. Ndinanunkhiza chitini. Chinkanunkha ngati khomo la bara Lolemba m'mawa.

"Fabiyao."

"Achimwene."

"Mlendo wa boma wayamba liti kumwa?"

Anayang'ana pansi. "Ndi pang'ono chabe. Kakapu kamodzi."

"Chifukwa?"

"Inu mumaipopera ndi pakamwa m'mawa uliwonse, mumailankhula. Kwathu ku Furancungo amene amapopera choncho ndi munthu amene akulankhula ndi makolo. Ndiye ndinati, ngati foni ilipo m'chipinda mwathu momwe, bwanji nanenso ndisaimbeko? A Mayi anga sindikudziwa ngati ali moyo, achimwene."

Sindinamukalipire. Ndinangofunsa ngati anali yekha.

"Khonde lonse," anatero. "Ena amathira vinyo."

Ndinaizula tsiku lomwelo. Theka la mizu linali litawola, lakuda, loterera. Ndinadula zowolazo ndi lezala, ndinatsuka zotsala ndi madzi ofunda pang'ono, ndinadula timapesi tonse kusiya kamodzi. Dothi latsopano Fabiyao ndiye anakakumba m'nkhalango, pansi pa neve, ndi supuni, monga chilango chake. Kenako tinadikira. Kwa milungu yambiri pazenera panali kamtengo kamodzi kouma m'chitini cha nkhaka, ndipo m'makutu mwanga munkamveka mawu a munthu amene sindinkadziwa ngati ali moyo: ndili ndi chikhulupiriro kuti ukhoza kuipha.

Mkati mwa kudikirako nkhani inafika kwa shefu, mkulu wa gulu lathu, Kamarada Donasiyano. Anali wa pa Tsangano penipeni, mwana wa mphunzitsi, koma chikwereni ndege Chichewa anachisiya pabwalo la ndege. Ankalankhula Chipwitikizi chokhachokha, ngakhale poyetsemula. Iye ndiye anali ndi mphamvu yolemba dzina la munthu pa pepala la obwezedwa kwawo, ndipo tonse tinkadziwa kuti wobwezedwa safika kwa amake, amafikira ku tropa. Anandiitana n'kunena kuti m'chipinda changa muli obisikurantizimu, ndiko kuti zamizimu ndi zamdima zimene boma linkaletsa. Pofika Loweruka, chitini chikhale kudzala, apo ayi dzina langa likhale pa pepala.

Chimene Kamarada Donasiyano sankadziwa n'chakuti Lamulungu lina masana ndinabwerako msanga kokaponya mpira chifukwa cha bondo. Chitseko chathu chinali chotsekula pang'ono. M'katimo munali munthu atagwada pazenera, botolo m'manja, akuomba m'manja pang'onopang'ono pa ntchafu, akutchula dzina la amake m'Chichewa chokoma ngati cha agogo. Ndinabwerera chafutambuyo n'kukakhala pamasitepe mpaka atatuluka.

Loweruka anaitanitsa msonkhano wa khonde lonse m'chipinda chodyera. Chitini anachiika patebulo ngati wakuba nkhuku. Shefu anaimirira kutsogolo, analankhula nthawi yaitali za munthu watsopano amene sakhulupirira mitengo. Kenako anandifunsa ngati ndasankha.

Ndinaimirira, ndinakonza kolala.

"Akamarada," ndinatero, "woimbidwa mlanduyu dzina lake ndi Oxytenanthera abyssinica." Ndinadikira kuti dzinalo lizungulire chipinda chonse. Zaka ziwiri za sikola zinathera pa mphindi imeneyo, ndipo sindidandaula. "Si mzimu. Mzimu sufuna zibowo pansi pa chitini. Ndimaipopera chifukwa chitsulo chotenthetsa chimaumitsa mpweya. Ndimaitukwana chifukwa kwathu ndi mmene timakondera. Anandipatsa ndi bambo wanga, ndipo ndidzaibweza kwa bambo wanga. Kudzala sipita. Ngati mukundibweza, mulembe maina awiri, chifukwa tikwera tonse."

Fabiyao anabisa nkhope m'manja.

"Koma a shefu akunena zoona," ndinapitiriza. "Zamdima zachitikadi m'chipinda changa, ndipo zatsala pang'ono kupha mbewu yosalakwa. Tiyeni tipeze olakwa. Ndikupempha kuti aliyense amene sanathirepo mowa m'chitini ichi aimirire."

Ine ndinali chiimire. Anyamata onse anakhala chikhalire, maso kudenga. Wina anatsokomola. Kutsogolo kunali munthu mmodzi amene anali ataimirira kale chiyambire msonkhano. Sindinamuyang'ane, ndinkayang'ana chitini. Ndinangomva mpando ukukokedwa pang'onopang'ono. Kamarada Donasiyano anakhala pansi.

Chigamulo chinalembedwa kuti chitinicho ndi kafukufuku wa sayansi. Anamatapo pepala la dzina la Chilatini, ndipo pansi pake shefu analemba yekha ndi dzanja lake kuti n'koletsedwa kuthira zakumwa zoledzeretsa.

"Nanga makolo azimwa chiyani?" anandinong'oneza Fabiyao potuluka.

"Madzi a mvula. Akhala akumwa omwewo chiyambire."

Neve itasungunuka, m'mbali mwa kamtengo kouma kaja munatuluka kansonga kobiriwira, kakuthwa ngati muvi. Khonde lonse linabwera kudzaona. Palibe anathira kanthu. Anangogulirana mowa okhaokha n'kumwera pakhomo.

Zaka zinapita. Inadzaza chitini, mizu inayamba kutuluka m'zibowo, ndinaisamutsira mu ndowa. Kenako dziko limene tinabweramo linatha tili momwemo. Alemanya ziwiri zinakhala imodzi, fabirika inatseka, ndipo anyamata a kumeneko ometa mipala anayamba kutidikira pokwerera sitima kuti atikumbutse kumene tinachokera, ngati kuti tinali titaiwala. Anzanga ankalongedza mawailesi, mafiriji, njinga zamoto. Ine ndinatenga mpeni wa buledi, ndinagawa phata la mu ndowa patatu. Gawo lina ndinapatsa Fabiyao kuti likaone Furancungo. Lina anabwera kudzapempha Donasiyano, m'Chichewa. Langa linabwerera m'sokosi.

Kwathu nkhondo inali isanathe. Ndinakakamira mu mzinda wa Tete, kumene dzuwa limaphika mwala, ndikunyamula katundu pamsika, ndikudikira kuti misewu ya kumapiri itseguke. Nsungwi imene inapirira neve inatsala pang'ono kufera kwawo. Ndinaibzala m'chitini china, ndinaibisa kuseri kwa mtsuko m'kachipinda kamene ndinkagona, ndinkaipopera katatu pa tsiku, ndinkaiuza kuti ikafera pano, pafupi chonchi, ndidzailuka kukhala chotolera zinyalala. Inayoyola masamba onse kusiya anayi.

Mfuti zitaleka, ndinakwera lole mpaka pamene inathera, kwinako wapansi, ndikuponda mmene apondamo anzanga chifukwa cha mabomba okwirira. Chitini ndinachisenza pamutu. Anthu obwerera ku Malawi, atasenza mitolo ndi ana, ankandiyang'ana n'kupukusa mitu. Mayi wina anafunsa mnzake mokweza kuti, "Ameneyu ndiye wa ku Alemanya uja? Anzake abwera ndi njinga zamoto."

Lusiya ndinamupeza akumata nyumba yatsopano pa bwinja lathu. Anali ndi ana atatu amene sindinkawadziwa, ndipo ankawerenga m'Chingerezi ngati Mmalawi. Sanalire. Anandiuza ali chiimire, dothi m'manja, kuti a Mayi anagona kutsidya, kumsasa wa othawa nkhondo, atafunda bulangete lija. Anandiuzanso kuti phata la nsungwi kulibe. Asilikali anadula kuti adani asabisalemo, anakumba ngalande yobisalamo pakati pake penipeni, ndipo zitsa anazula n'kuothera moto mu Juni mpaka zinatha.

"Nanga a Bambo?"

"Alipo. Ali kuseri." Anapukuta manja pa chitenje. "Achimwene, musadabwe. Chimwalirireni a Mayi sanatukwanepo munthu."

Apo ndiye ndinachita mantha.

Anali atakhala pa mwala, ochepa ngati mwana, maso atachita mtambo. Pamiyendo panali kadengu kosatha kamene ankaluka ndi zingwe za pulasitiki zomangira mabelo a zovala. Chikho cha madzi chinali pambali pawo mwa chizolowezi chabe, pakuti pulasitiki sifuna madzi. Ndinagwada, ndinawalonjera. Anayankha mwaulemu, monga amayankhira mlendo wopempha njira. Dzina loti Injinyero silinatuluke.

Ndinaika chitini pakati pa mapazi awo, ndinagwira dzanja lawo n'kuliika pa phesi.

Zala zinayenda. Zinapeza mfundo yoyamba, zinakwera, zinapeza yachiwiri. Zinatsina tsamba, zinatsikira kudothi, zinalowa m'kati kufufuza chinyezi.

"Iyi ndi ya kukhwawa," anatero.

"Ndi yomweyo, Bambo."

"Zaka zonsezi?"

"Zonsezi."

Anaigwedeza pang'ono. Masamba anayi aja ananjenjemera.

"Zaka zonsezi," anatero, mawu akukwera, "munthu wapita ku Ulaya, wadya za azungu, wabwera ndi nsungwi yowonda ngati mwendo wa udzudzu? Ndiluke chiyani ndi ichi, Injinyero? Chotokosera m'mano? Galu iwe, unkaipatsa chiyani?"

Kutsogolo kwa nyumba ndinamva Lusiya akugwetsa dothi lake lomatira. Tsopano ndiye analira.

A Bambo anapapasa pambali, anapeza chikho, anamwa osameza. Pfuu! Theka la madziwo linagwera ine kumaso. Sindinapukute.

"Mawa m'mawa ukabzale kukhwawa, kumtunda kwa ngalande ya zitsiru zija. Ukumbe dzenje lofika m'bondo, osati la sete."

"Ndamva. Koma mayeso aja, Bambo? Ndapeza zingati?"

Anameza malovu, anaganiza mozama monga pulofesolo woopa Mulungu.

"Dezi."

"Dezi yokha? Neve, mowa, tropa, dzuwa la ku Tete, dezi?"

"Vinte ndi ya nsungwi," anatero, dzanja lili pa phesi, osalichotsa. "Iwe unangonyamula."